Msuzi wa pa supageti unayambira m'mapoto a amphawi a ku Naples

Mwezi uno tsamba la mbiri latitengera kukhitchini. Ndikudziwa ena mwayamba kale kunyinyirika kuti mbiri ndi mapoto zikugwirizana pati, koma tadikirani kaye.

Ambirife tafika poti timadziphikira tokha, kaya ndi kuhositelo kaya pa lendi, ndipo ena tayamba kusamala ndi zolowa m'kamwa chifukwa kwathu kuli amene akumwa mankhwala a BP kapena a shuga. Ndiye mukamva zoti pali msuzi wa supageti wa masamba okhaokha, wosanenepetsa, mwina mumati ndi zobwera dzana, za anthu a ndalama amene amapita ku jimu. Ayi ndithu. Msuzi umenewu ndi wakalekale, ndipo anauyambitsa ndi anthu amene nyama ankangoimva fungo kwa aneba. Wonona uja, wa kirimu ndi nyama yogaya, ndi umene unabwera pambuyo.

Choyamba mudziwe kuti tomato si wa ku Italy. Makolo ake a kutchire amamera kumadzulo kwa South America, cha ku Peru ndi Ecuador, ndipo amene anamulima mpaka kukhala mbewu ya pakhomo ndi anthu a ku Mexico. Anthu a mtundu wa Aztec ankati tomatl, anthu a ku Spain n'kumati tomate, ndipo dzina limene mumatchula pamsika lija lachokera kumeneko. Wansembe wina wa ku Spain, Bernardino de Sahagún, amene anakhala ku Mexico zaka zambiri akulemba za moyo wa anthuwa, anafotokoza kuti m'misika yawo ankagulitsa misuzi ya tomato wosakaniza ndi tsabola. Asilikali a ku Spain atagonjetsa mzinda wa Tenochtitlan mu 1521, mbewuyi inakwera nawo sitima.

Ku Italy anamulandira mwa kakasi. Mu 1544 dokotala wina wodziwa za zitsamba, Pietro Andrea Mattioli, analemba za chipatso chachilendochi n'kuchiika m'gulu la mabiringanya. Mu 1548 dengu la tomato linafika kunyumba ya Cosimo de' Medici, wolamulira wa Florence, ndipo kapitawo wa panyumbapo anachita kulemba kalata yonena kuti lafika bwino. Koma kudya kwenikweni ayi. Tomato ndi wa banja limodzi ndi zomera zina za poizoni zimene anthu a ku Ulaya ankaziopa, choncho ambiri ankangomudzala pabwalo ngati maluwa. Panapita zaka pafupifupi 150 asanalowe m'buku la zophikaphika.

Buku lake linali Lo scalco alla moderna, la Antonio Latini, limene linasindikizidwa ku Naples m'zaka za m'ma 1690. Latini ankayang'anira za chakudya m'nyumba za akuluakulu, ndipo msuzi wakewo anautcha wa Chisipanishi, popeza nthawi imeneyo Naples inkalamulidwa ndi Spain. Tamvani kaphikidwe kake, mwina museka. Tomato wakupsa amamuwotcha pamakala, n'kumusenda, n'kumuduladula tizidutswa. Amathiramo anyezi, tsabola, katsamba konunkhira, mchere, mafuta pang'ono ndi viniga. Basi. Mulibe batala, mulibe shuga, mulibe ufa wolimbitsira. Ngati muli ndi mbaula, mutha kuphika msuzi wa Latini madzulo ano, ndipo muona kuti sukusiyana kwenikweni ndi saladi wa pachiwaya amene mumadyera tchipisi. Kungoti iye sankauthira pa supageti. Unali wodyera nyama yowiritsa, chifukwa mabwana akewo nyama inali yosasowa.

Nanga supagetiyo anali kuti nthawi yonseyi? Analipo kale. Nkhani ija yoti Marco Polo ndi amene anabwera naye kuchokera ku China muiiwale. Marco Polo anabwerera kwawo mu 1295, koma mu 1154 katswiri wa mapu wa Chiarabu, al-Idrisi, anali atalemba kale za tauni ya Trabia ku Sicily, kumene ankapanga chakudya cha ufa wa tirigu chooneka ngati ulusi n'kumachitumiza pa zombo kumayiko ena. Chimene chinasintha ku Naples m'zaka za m'ma 1600 ndi mtengo wake. Anthu a mumzindawu kale ankawanyoza ndi dzina loti mangiafoglia, kutanthauza odya masamba, chifukwa poto wawo wa tsiku ndi tsiku unali wa kabichi ndi masamba ena, kanyama kakapezeka n'kuponyamo. Mzinda utadzaza anthu, nyama ndi masamba omwe zinayamba kuvuta, pamene makina okandira ufa ndi ofinyira makaroni anatsitsa mtengo wa pasta. Dzina lonyozera lija linasintha n'kukhala mangiamaccheroni, odya makaroni. Ankagula m'mbali mwa msewu, pa mapoto akuluakulu, n'kumadya ndi manja chiimirire, atawaza tchizi pang'ono pamwamba. Eya, ndi manja, ngati mmene timachitira ndi nsima. Foloko inabwera mochedwa kwa anthu wamba.

Awiriwa, tomato ndi pasta, anakhala mumzinda umodzi zaka zambirimbiri ngati anthu oyandikana nyumba osapatsana moni. Pofika mu 1839 ndi pamene Ippolito Cavalcanti anaika m'buku lake, m'chilankhulo cha anthu wamba a ku Naples, kaphikidwe ka vermicelli wa tomato. Mukadziwa mmene mabuku amachedwera, mutha kuona kuti amayi a m'makwalala anali atayamba kale iye asanagwire cholembera. Kenako kunabwera zitini. Francesco Cirio anatsegula fakitale yoika zakudya m'zitini ku Turin mu 1856, pambuyo pake kampani yake inafika kummwera kumene tomato amachita bwino, ndipo msuzi unasiya kudikira nyengo. Pamene Pellegrino Artusi ankatulutsa buku lake lotchuka la zophika mu 1891, tomato anali atalowerera moti anasimbamo za wansembe wina wa kwawo amene anthu anamupatsa dzina loti Don Pomodoro, Bambo Tomato, chifukwa nkhani ya banja lililonse ankapezekamo. Ife amene ndiwo zopanda tomato timati n'zosakonzeka, nthabwala imeneyi sitifuna wotimasulira.

Tsono apa ndi pamene nkhani ya kunenepa ikulowera. Pakati pa 1880 ndi 1924 anthu a ku Italy oposa 4 miliyoni anasamukira ku America, ambiri mwa iwo ochokera kummwera kosauka kuja. Kumeneko anapeza chinthu chimene makolo awo sanachilotepo: munthu wa ganyu ankatha kugula nyama sabata iliyonse. Mukanakhala inu mukanatani? Anadzaza poto. Mbale ya supageti yokhala ndi mipira ikuluikulu ya nyama pamwamba, imene mumaiona m'mafilimu, inabadwira ku America, osati ku Naples. Fettuccine Alfredo kwawo ku Rome anali pasta wa batala ndi tchizi, ndipo kirimu anachita kuwonjezedwa kutsidya kwa nyanja. Ngakhale pasta primavera, imene inatchuka pa lesitilanti ya Le Cirque ku New York m'zaka za m'ma 1970 ngati pasta ya masamba, munali kirimu ndi batala. Masamba analimo, inde, koma akusambira m'mafuta.

Ku Italy komweko mlandu unagwera pasta. Mu 1930 mlakatuli Filippo Tommaso Marinetti analemba chikalata chofuna kuti pasta ithetsedwe, ati imalemetsa thupi ndi kuchititsa ulesi. Zinagwirizana ndi maganizo a boma la Mussolini, limene linkafuna kuchepetsa tirigu wogula kunja n'kumalimbikitsa mpunga. Anthu anangomva, n'kubwerera kumapoto awo.

Amene anadzayeretsa dzina la mbale ya amphawiyi ndi mlendo. Ancel Keys, wasayansi wa pa yunivesite ya Minnesota, anamva kwa mnzake wa ku Naples kuti kwawoko matenda a mtima sankavuta kwenikweni pakati pa anthu ogwira ntchito zamanja. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 anapitako ndi mkazi wake Margaret, yemwenso anali wasayansi, n'kuyamba kupima magazi a anthu. Anapeza kuti antchito anali ndi mafuta ochepa a kolesterolo m'magazi poyerekeza ndi anthu olemera a mumzinda womwewo, amene ankadya nyama pafupifupi tsiku lililonse. Chakudya cha antchitowo chinali pasta ya msuzi wa tomato, nyemba, masamba ambiri, buledi wosapaka batala, chipatso pomaliza, ndipo nyama mwa apo ndi apo. Mu 1958 Keys anayambitsa kafukufuku wamkulu m'mayiko asanu ndi awiri: America, Finland, Netherlands, Italy, Yugoslavia, Greece ndi Japan. Mu 1975 iye ndi Margaret anatulutsa buku limene linafalitsa dzina loti kadyedwe ka ku Mediterranean. Anamanga nyumba m'kamudzi ka Pioppi kummwera kwa Naples, ndipo anamwalira mu 2004 ali ndi zaka 100. Mu 2010 bungwe la UNESCO linaika kadyedweka pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa.

Ndisakunamizeni kuti zonse za Keys anthu amavomerezana nazo. Asayansi mpaka lero amatsutsana pa zina zimene ananena zokhudza mafuta. Komanso tisaiwale kuti antchito a ku Naples aja ankayenda pansi, ankanyamula katundu tsiku lonse, ndipo mbale zawo sizinali zosefukira. Umphawi wawo sunali wokoma, n'chifukwa chake mamiliyoni anauthawa. Koma pa mfundo yoti mbale yodzaza masamba ndi nyemba, ya mafuta ochepa, imasamala mtima, ndi ochepa amene angatsutse.

Manambala ake ndi awa, ndipo ine anandidabwitsa nditawaona koyamba. Tomato wolemera magalamu 100 ali ndi makalori pafupifupi 18, ndiye kuti kilogalamu yathunthu ili ndi pafupifupi 180. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi pafupifupi 120, kaya ndi a mpendadzuwa kaya ndi a olivi odula aja. Masupuni awiri okha aposa kale kilogalamu ya tomato. Tsopano kumbukirani mmene timapendekera botolo pa poto osayeza n'komwe, mpaka anyezi kumayandama. Wonenepetsa mu msuzi si tomato, eti? Komabe musachotseretu mafuta, chifukwa chinthu chimene chimafiiritsa tomato, chotchedwa lycopene, thupi limachilandira bwino tomatoyo akaphikidwa ndi timafuta pang'ono.

Ndiye mukafuna kuyesa, tsatirani Latini poyambira. Wotchani tomato asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu pamakala mpaka khungu litang'ambika, musende, muphwanye ndi mthiko. Biringanya nayenso muwotcheni m'malo momukazinga. Ku Catania ali ndi mbale yotchuka ya pasta alla Norma imene biringanya wake amakazinga, koma amene anakazingapo biringanya akudziwa kuti amamwa mafuta ngati siponji. Mu poto ikani supuni imodzi ya mafuta, anyezi, ndi kaloti wopala, pa moto wochepa mpaka zifewe osapserera. Anthu a ku Italy amawonjezera selari n'kumatcha chiyambi chimenechi soffritto. Kaloti ndi amene amapha kuwawasa kwa tomato, ndiye shuga musamuyandikire. Ponyanimo adyo, kenako tomato ndi biringanya uja, gilinipepa ngati alipo, zibwate pang'onopang'ono kwa mphindi 20 kapena 30. Mchere ndi wa kunsonga kwa supuni. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, imene ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo timakyubu tokometsera tija tadzaza mchere kale.

Pali nzeru ziwiri za amayi a kummwera kwa Italy zimene sizifuna ndalama. Musataye madzi onse ophikira supageti. Tungani chipande chimodzi muthire mu msuzi, chifukwa madziwo ali ndi sitachi amene amaulimbitsa n'kuumatiza ku supageti, ntchito imene ena amagulira kirimu. Ina ndi ya ku Puglia, kumene amaphika pasta yotchedwa orecchiette pamodzi ndi masamba owawirira a cime di rapa mu poto mmodzi. Masamba amenewa ndi achibale a mpiru ndi tchainizi wathuyu, ndiye dulani mpiru muponye m'madzi a supageti kutatsala mphindi zochepa kuti apse. Nyemba zotsala dzulo nazonso zilowe mu msuzi, muona kuti mukhuta msanga.

Ndipo muyeze supagetiyo. Ku Italy munthu mmodzi amamuwerengera magalamu 80 mpaka 100 a pasta youma, ndipo magalamu 100 ali ndi makalori pafupifupi 350. Paketi ya magalamu 500 ndi ya anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, osati inu ndi mnzanu wa m'chipinda. Zija timachita pa ukwati, supageti pambali pa mpunga, pambali pa tchipisi, munthu wa ku Naples angagwire pakamwa.

Chotsala ndi nyengo. Mabanja a kummwera kwa Italy amasonkhana kumapeto kwa chilimwe chawo, tomato akatchipa, n'kuphika wambiri woti adye chaka chonse. Ku Sicily ena amapaka tomato wophwanya pa matabwa, kumuthira mchere n'kumuyanika padzuwa masiku angapo mpaka atalimba ngati phala la dzulo. Amene mwadutsapo pa Lizulu kapena pa Jenda nthawi imene tomato wachuluka mwaona madengu akudikira ogula, wina akuyamba kufewa pansi. Ameneyo, wofewa koma wosaola, ndiye wabwino pa msuzi, ndipo ndi amene amatsika mtengo dzuwa likapendeka. Ngati muli ndi firiji, phikani wambiri mugawe m'timakontena muumitse. Ngati mulibe, muduleni mapisi, muwaze mchere pang'ono, muyanike pa thandala ngati mmene agogo amachitira ndi mfutso.