Chinsalu Chabuluu ndi Nyali Zake

Pamene Alexander Korda ankakonza kanema wa The Thief of Bagdad, amene anatuluka m'chaka cha 1940 nkhondo itasamutsa ntchitoyo kuchoka ku England kunka ku Hollywood, mmisiri wake Larry Butler anaimika osewera patsogolo pa chinsalu chabuluu, kuti pambuyo pake, atachotsa mtunduwo pafilimu, aikepo thambo ndi mizinda imene phazi la munthu silinapondemo. Ndipo luso limeneli linampatsa mphotho ya Oscar. Anasankha buluu popeza khungu la mwana wa munthu, loyera ngakhale lakuda, lilibe mtunduwo wochuluka.

Koma chinsalu chopanda kuunika koyenera chinali chabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha: oyatsa nyali ankazisuntha mobwerezabwereza kufikira kuwala kutagwa mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, pakuti mthunzi umodzi, kapena khwinya limodzi la nsaluyo, linkasiya chilema pachithunzi, ndipo wosewera ankamuimika patali, namuunikira ndi nyali zakezake, kuopa kuti buluu angamwazikire patsitsi pake n'kumudya m'mphepete mwa mutu. Petro Vlahos, amene kwa ine ndiye nkhalakale ya ntchitoyi, anakonza njira yosunga ngakhale tsitsi ndi utsi, imene inatumikira pa Ben-Hur mu 1959.

Chinsalu chobiriwira chinadzalanda ufumu m'masiku a makamera a digito, amene maso ake ambiri amamva mtundu wobiriwira koposa ina, kotero kuti chimafuna nyali zochepa.