Za Atate ndi Ana pa Msika wa ku New York

Mu mzinda wa New York, ku America, muli mseu waung'ono wochedwa Wall Street, ndipo pomwepo pali msika wacilendo. Sagulitsapo cimanga, kapena nsaru, kapena mbuzi, koma magawo a makampani, amene masiku ano tiwacha masheya. Kuti timvane bwino, tinene cotere: anthu khumi akasonkha ndarama nagula cigayo, yense ali ndi gawo lace m'cigayomo, nalandira phindu monga mwa gawolo, ndipo akafuna akhoza kuligulitsa kwa wina. Cigayo cikamayenda bwino gawo likwera mtengo, cikaonongeka litsika. Magawo a pa Wall Street ali otere, kungoti makampani ace ndi a njanje, a zitsulo ndi a magetsi.

Itatha nkhondo yoyamba yaikuru, mitengo ya magawo inakwera zaka zingapo zotsatizana, kufikira anthu anayesa kuti siidzatsikanso. Ambiri anagula ndi ngongole: wina akapereka madola 10, womgulira anamkongoza 90 otsalawo. Pali muyeso wochedwa Dow Jones, umene uonetsa pamodzi mitengo ya magawo a makampani akuru 30. Ndipo pa 3 September 1929 unafika pa 381. Mwezi wotsatira Irving Fisher, mphunzitsi wochuka wa za cuma wa ku Yale, ananena poyera kuti mitengo yakwera ndipo yakhazikika. Patangopita masiku owerengeka msika unagwa. Laciwiri, pa 29 October, magawo oposa 16 miliyoni anagulitsidwa tsiku limodzi. Eni ngongole anafuna ndarama zao. Okongola, posowa cobwezera, analandidwa magawo ao, nagulitsidwa pa mtengo uli wonse, ndi kugulitsa kumeneko kunatsitsanso mitengo.

Kugwako sikunathe msanga iai. Pa 8 July 1932 muyeso unali pa 41, ndiko kunena kuti pa madola 100 panatsala 11. Mabanki monga 9,000 anatsekedwa pakati pa 1930 ndi 1933, natenga nao ndarama za anthu amene sanagulepo gawo ndi limodzi lomwe. M'caka ca 1933 munthu mmodzi mwa anai ofuna nchito anaisowa. Mphepo yace inaomba ngakhale kuno kwathu, pakuti mitengo ya fodya ndi thonje inatsika m'zaka zimenezo.

Tsono nkhani yathu ili pa anthu amene anaona izi ndi maso ao. Muyeso uja sunabwerere pa 381 kufikira November 1954, zitapita zaka 25. Amene anataya cuma cace ali ndi zaka 30 anafika zaka 55 asanaone mtengo wakale uja. Anthu a mbadwo umenewo anaopa magawo monga munthu aopa pa madzi pamene anamirapo mbale wace. A Brookings Institution atawerenga m'caka ca 1952, anapeza kuti eni magawo m'dziko lonse la America anali monga 6.5 miliyoni, ndiwo anai okha mwa anthu 100. Ine sindiwadabwa. Agogo athu amene anaona njala ya 1949 sagulitsa cimanga ca m'nkhokwe asanaone cina citakhwima m'munda, ngakhale adzukulu awaseke.

Ophunzira awiri, Ulrike Malmendier ndi Stefan Nagel, anasanthula cuma ca mabanja a ku America kuyambira 1960 kufikira 2007, nafalitsa zopeza zao m'caka ca 2011. Anaona kuti munthu amene zaka za moyo wace zinagwa pa nyengo yoipa ya msika sagula magawo kawirikawiri, ndipo akagula aikapo pang'ono. Zaka zacatsopano zilemera koposa m'mtima, makamaka mwa acinyamata, pakuti iwo alibe zaka zambiri zolinganiza nazo. Komatu ndi zakale zomwe siziiwalika, ngakhale patapita zaka makumi angapo.

Citsanzo cokoma ndico ca mphunzitsi wina ndi wophunzira wace. Benjamin Graham, wobadwa m'caka ca 1894, anali kusunga ndarama za anthu pa msika, ndipo pakati pa 1929 ndi 1932 zinatayika monga magawo asanu ndi awiri mwa khumi. Cironda cimeneco cinabala ciphunzitso cace, cimene iye ndi David Dodd analemba m'buku la Security Analysis m'caka ca 1934: kuti munthu asagule gawo pokhapokha mtengo wace uli pansi ndithu pa katundu weniweni wa kampaniyo, kuti zikabvuta pakhale potsamira. Warren Buffett anabadwa ku Omaha mu August 1930, msika utagwa kale. Atate wace, Howard Buffett, anali wogulitsa magawo, nataya nchito pamene banki yao inatsekedwa m'caka ca 1931. Koma mwanayo anali khanda, zimenezo anangozimva kwa akuru. Iye anagula magawo ace oyamba m'caka ca 1942 ali ndi zaka 11, msika uli pansi, naona pambuyo pace ukukwera.

M'caka ca 1951, atamaliza maphunziro kwa Graham ku Columbia, Warren anafuna kulowa nchito ya magawo. Anthu awiri amene iye anawalemekeza koposa, atate wace ndi Graham, onse anamlangiza kuti abalinda, pakuti mitengo inali pamwamba. Muyeso unali monga 250. Mnyamatayo sanamvere, nayamba nchitoyo kwao ku Omaha. Ndipo pakutha pa 1959 muyeso unali utapitirira 600. Taonani, akuru aja anadziwa zambiri koposa mnyamatayo, ndipo Graham ndiye anamphunzitsa zonse. Koma pa cinthu ici analakwa, cifukwa maso ao anali pa 1929. Tisaiwale kuti Warren anakana mantha a mphunzitsi wace okha. Ciphunzitso ca kusagula pa mtengo wokwera anacisunga.

Nthawi yace ya kukhala mkuru inafikanso. M'caka ca 1969, pamene anyamata osadziwa za 1929 anali kugula mosayang'ana mtengo, iye anathetsa gulu la anthu amene anawasungira ndarama, nati sapezanso magawo ochipa. Kucokera January 1973 kufikira December 1974 muyeso unatsika kucoka pa 1,051 kufika pa 577. Zotere zinabweranso m'caka ca 1999, pamene mbadwo wina unathamangira magawo a makampani a intaneti, ambiri mwa iwo osapindula ndi kobiri lomwe. Buffett anakana kugula, ndipo nyuzi ya Barron's inafunsa pa mutu wa nkhani kuti Warren cambvuta nciani. Ogula ambiri a nthawi imeneyo anali ana ang'ono m'caka ca 1974. Muyeso wao, wochedwa Nasdaq, unafika pa 5,048 pa 10 March 2000. Pofika October 2002 unali pa 1,114, ndipo sunabwererenso pa mtengo uja kufikira April 2015.