Sanalenge, Anapanga

Mu Meyi 2010 gulu la asayansi lotsogozedwa ndi J. Craig Venter ku America linalengeza za bakiteriya amene DNA yake inali yochita kupanga. Kuyambira pamenepo, nkhaniyi ikamafotokozedwa m'Chichewa ndimamva ena akuti "asayansi alenga moyo". Mawu amenewa amandipweteka m'khutu, ndipo si oona.

Anachita chiyani kwenikweni? Anawerenga DNA ya bakiteriya wodwalitsa mbuzi, Mycoplasma mycoides, n'kuisunga pakompyuta. Kenako anailumikiza mwatsopano ndi mankhwala, zilembo zoposa 1 miliyoni, mothandizidwa ndi yisiti, n'kuiika m'selo ya bakiteriya wina, Mycoplasma capricolum. Seloyo inayamba kumvera malangizo atsopanowo n'kumaswana. Ndi luso lalikulu ndithu. Koma selo yolandirayo inali yamoyo kale.

Chichewa chimasiyanitsa bwino zinthu izi. Mmisiri amapanga mpando ndi matabwa amene wawapeza. Mayi amaumba mphika ndi dongo lomwe wakumba kudambo. Kulenga n'kwina: ndiko kunabala mayina akuti Mlengi ndi Namalenga, ndi mawu akuti chilengedwe, zonse zimene munthu anangozipeza zilipo. Tikabwereketsa mneni ameneyu kwa anthu a mu labotale, wokhulupirira amamva mwano, wosakhulupirira amamva ngati Mulungu wapezedwa wom'lowa m'malo, mkangano n'kubuka pa chinthu chimene sichinachitike. Asayansi omwewo mu 2016 anapanga selo ya majini 473 okha, ndipo anavomera kuti ntchito ya 149 mwa iwo sankaidziwa. Amene akufufuzabe chinthu sanganenedwe kuti ndiye mwini wake.

Ndalemba "majini", ndipo nawonso ndi msampha. Kwa ophunzira sayansi ndi tizigawo ta DNA tonyamula chibadwa. Kwa agogo kumudzi majini ndi mizimu yogwira munthu, yofuna sing'anga kapena mapemphero. Tangoganizani mtolankhani akuti pa wailesi, "Aika majini m'kachilombo"! Mantha amene angabadwe pamenepo sakhala ochokera ku sayansi, ndi ochokera m'kamwa mwathu.

Funso loti moyo n'chiyani, ndiponso loti munthu alekeze pati poseweretsa zamoyo, likuyenera kukambidwa kutchalitchi, kumzikiti ndi m'kalasi momwe. Choncho aphunzitsi, alaliki ndi atolankhani, nenani kuti "apanga DNA", nenani kuti "asintha malangizo a chibadwa". Mawu akuti kulenga asiyeni pamalo pake.