Kagalasi Kamphepo ka Land Cruiser Yakale

Abale ambiri amandifunsa za kagalasi kamakona atatu kam'chitseko cha pikapu ya Toyota Land Cruiser FJ45, yomwe inasiya kupangidwa mu 1984. Kuno ku Doha, komwe kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Julaye, labala yake imauma n'kung'aluka, kagalasiko n'kuyamba kugwedera mpaka kusweka.

Langizo langa ndi lakuti musadulitse galasi wamba. Kagalasi aka n'kowotcha, kamanyenyeka ngati mchere kakasweka, pomwe galasi wamba limacheka munthu. Kafunefuneni m'masitolo a zipangizo zagalimoto ku Industrial Area, mugulenso labala yatsopano.

Poika, ine ndimayamba ndachotsa chophimba cham'kati mwa chitseko, n'kutsitsa galasi lalikulu, kenako n'kumasula felemu. Ndimapaka madzi a sopo palabala, n'kulowetsa kagalasiko ndi manja basi, osamenya ndi hamala.

Ngati mukutumiza kumudzi, samalani. Ku Qatar chiwongolero chimakhala kumanzere, ku Malawi kumanja. Musanene kuti "mbali ya dalaivala" ayi. Nenani kumanzere kapena kumanja, apo ayi mwataya ndalama.