Momwe London Idalowetsera Sitima Pansi pa Nthaka

Pa 10 Januwale 1863, anthu pafupifupi 38,000 adatsika masitepe kulowa pansi pa misewu ya London kukakwera sitima. Njanji yake inali yaifupi, makilomita 6 okha kuchokera ku Paddington kukafika ku Farringdon. Mabogi anali amatabwa, ounikiridwa ndi nyali za gasi, ndipo kutsogolo kwake kunali injini yamalasha ikulavula utsi m'ngalande yofoleredwa pamwamba. Imeneyi ndiyo inali Metropolitan Railway, sitima yoyamba padziko lonse yonyamula anthu kunsi kwa mzinda. M'chaka chake choyamba idanyamula anthu oposa 9 miliyoni.

Chidakankhira mzindawu pansi ndi kuthinana kwa pamwamba. Pofika m'ma 1850, London inali ndi anthu oposa 2 miliyoni, ndipo m'mawa uliwonse ena zikwizikwi ankalowa mumzinda kudzagwira ntchito. M'chaka cha 1846 bungwe lomwe boma lidakhazikitsa lidalangiza kuti njanji zochokera m'madera ena zisalowe m'katikati mwa mzinda. Motero masiteshoni aakulu monga Euston, King's Cross ndi Paddington adatsalira m'mphepete. Munthu akatsika sitima ankayamba ulendo wina wovuta kuposa woyambawo, polimbirana msewu ndi ngolo za katundu, mabasi okokedwa ndi mahatchi, ndiponso ng'ombe ndi nkhosa zopita kumsika wa Smithfield.

Amene adaumirira kuti njanji ipite pansi ndi Charles Pearson, loya wa khonsolo ya City of London. Chomwe chinkamuwawa kwambiri chinali moyo wa anthu osauka. Popeza analibe ndalama yokwerera, ankayenda wapansi kupita kuntchito, ndiye ankakakamizika kukhala pafupi ndi ntchitoyo, mothithikana m'tinyumba tonyansa momwe kolera inkakolola miyoyo. Pearson ankafuna sitima yotsika mtengo kuti wantchito azigona kunja kwa mzinda komwe kuli malo ndi mpweya wabwino, n'kumafikabe pantchito nthawi yake. Adalimbikira nkhaniyi zaka zambiri, mpaka adakopa khonsolo kuti igule masheya a mapaundi 200,000 mu kampani yomanga njanjiyo. Iye adamwalira mu Seputembala 1862, kutatsala miyezi inayi kuti sitima iyambe kuyenda.

Kukumba kudayamba mu 1860 motsogozedwa ndi injiniya John Fowler. Njira yake inali yamanja: kung'amba msewu, kukumba ngalande yaikulu ndi mapiki ndi mafosholo, kumanga makoma a njerwa, kufolera, n'kubwezeretsa msewu pamwamba. Mbali yaikulu ya njanji idatsata misewu kuti kampani ipewe kugula nyumba, koma chakumapeto, cha ku Farringdon, nyumba zambiri za osauka zidagwetsedwa, ndipo anthu omwe Pearson ankawamenyera nkhondo ndiwo adayamba kumva kuwawa kwa chitukukocho. Mu Juni 1862 ngalande yonyamula zonyansa ya Fleet idaphulika n'kusefukira m'malo okumbidwawo, ntchito n'kuchedwa. Komabe mu 1864 kampani idayambitsa sitima zam'mamawa za antchito, zamtengo wotsika, ndipo loto la Pearson lidayamba kuoneka.

Vuto lomwe lidasautsa okwera kwa zaka makumi anayi linali utsi. Mainjini adawaika matanki a madzi oziziritsa nthunzi, koma fungo la malasha linkatsamwitsabe anthu. Kampani idasiya mipata yotseguka m'malo ena kuti utsi uzitulukira. Mumsewu wa Leinster Gardens, komwe kumakhala anthu opeza bwino, nyumba ziwiri zidagwetsedwa kuti njanji idutse, ndipo pamalopo adamangapo khoma lokhalokha looneka ngati nyumba, lokhala ndi zitseko zosatseguka ndi mawindo ongojambula. Khomalo lilipo mpaka lero pa nambala 23 ndi 24, ndipo kuseri kwake kuli dzenje ndi njanji.

Njira yopewera kugwetsa nyumba idachokera kwa injiniya wina, Marc Brunel. Iye adaonetsetsa kanyongolotsi komwe kamaboola matabwa a zombo, kamene kamalimbitsa makoma a una wake kakamapita patsogolo. Adapanga chishango chachitsulo chotchinjiriza okumba kuti dothi lisawagwere, amisiri akumanga njerwa kumbuyo kwawo. Ndi chishangochi adaboola njira pansi pa mtsinje wa Thames, ntchito yomwe idatenga kuyambira 1825 mpaka 1843. Patapita zaka, James Henry Greathead, wobadwira ku Grahamstown ku South Africa, adakonza chishango chozungulira chomwe chinkayenda m'dothi lamakande la London ngati mfuko, kumbuyo akulumikiza zitsulo zozungulira. Misewu ndi nyumba pamwamba zinkatsala osakhudzidwa.

Pansi pakuya chotero injini yamalasha sikadatheka, ndiye magetsi adalowa m'malo. City and South London Railway, yomwe idatsegulidwa mu 1890, inali njanji yoyamba yakuya yoyendera magetsi. Eni ake adaganiza kuti mumdima mulibe choona, motero mabogi adawaika timawindo tating'ono m'mwamba, ndipo kondakitala ndiye ankafuula dzina la siteshoni iliyonse.

Mizinda ina sidachedwe kutengera. Budapest ndi Glasgow zidatsegula njanji zawo mu 1896, Boston mu 1897, Paris mu 1900, New York mu 1904, Buenos Aires mu 1913, Tokyo mu 1927, ndipo Moscow mu 1935.

Ku London komweko, njanji zinkamangidwa ndi makampani osiyanasiyana opikisana, iliyonse ndi matikiti ake. Charles Yerkes, mkulu wazamalonda wochokera ku America, adasonkhanitsa angapo mwa makampaniwa ndi kupeza ndalama zomangira njanji za Bakerloo ndi Piccadilly, zomwe zidatsegulidwa mu 1906. Kugwirizana kwenikweni kudadza mu 1933 pomwe sitima zapansi, mabasi ndi matramu zidaikidwa m'manja mwa bungwe limodzi, London Transport. Chaka chomwecho adasindikiza mapu omwe adajambula Harry Beck, wojambula mapulani mu ofesi yoona za masiginolo. Beck adazindikira kuti munthu ali pansi sasamala kuti msewu wapamwamba wakhota bwanji. Amangofuna kudziwa siteshoni yotsatira ndi posinthira sitima. Adawongola mizere yonse, njanji iliyonse ndi mtundu wake, n'kukulitsa pakati pa mzinda pomwe masiteshoni ndi othinana. Akuluakulu adayamba aukana mapuwo, koma atawayesa anthu adawalandira ndi manja awiri, ndipo lero mizinda yambiri imajambula mapu a sitima zake motsata nzeru yomweyo.

Pankhondo yachiwiri yapadziko lonse, masiteshoni adasanduka pothawira. Ndege za Germany zikamaponya mabomba, mabanja ankatsika ndi mabulangete kukagona pamapulatifomu, ndipo usiku wina mu Seputembala 1940 adawerenga anthu pafupifupi 177,000. Pansipo panagwanso maliro. Pa 3 Malichi 1943, pa siteshoni ya Bethnal Green, mayi wina wonyamula mwana adagwa pamasitepe amdima anthu akuthamangira kubisala, ena n'kumugwera pamwamba. Anthu 173 adafa popanda bomba lililonse kugwa pamalopo.

Nkhondo itatha antchito adasowa, ndipo kuyambira 1956 London Transport idayamba kulemba anthu ntchito kuchokera ku Barbados, kenako ku Jamaica ndi Trinidad. Ambiri mwa makondakitala, oyang'anira masiteshoni ndi ophika m'makantini a bungweli anali anthu akuda a kuzilumbazi, ndipo ena mwa ana ndi zidzukulu zawo akadali pantchitoyi.

Ngozi ina yomwe idasintha zinthu ndi moto wa pa King's Cross pa 18 Novembala 1987. Machesi oyaka adagwera kunsi kwa masitepe oyenda okha, omwe anali amatabwa, pomwe padaunjikana girizi ndi zinyalala. Anthu 31 adafa. Zitatero kusuta kudaletsedwa kotheratu m'malo onse a njanjiyi, ndipo masitepe amatabwa adawachotsa pang'onopang'ono n'kuika achitsulo. Lero London Underground ili ndi njanji 11, masiteshoni 272 ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 400, ngakhale kuti woposa theka la mtundawu uli pamtunda, m'madera omwe adakula chifukwa sitima idafikako.

Mu Africa, Cairo ndiyo idatsogola mu 1987, Algiers n'kutsatira mu 2011. Addis Ababa idatsegula sitima zake zamagetsi zamumzinda mu 2015, ndipo Lagos idayamba kunyamula anthu pa Blue Line mu 2023, patatha zaka zoposa khumi ikumangidwa. Yomwe Amalawi ambiri adaionapo ndi Gautrain ya ku South Africa, imene idayamba kuyenda mu Juni 2010, mpikisano wa mpira wa World Cup utatsala masiku ochepa. Imadutsa pansi pa nthaka makilomita pafupifupi 15 kuchokera pa Park Station mu Johannesburg, pomwe mabasi ambiri ochokera kumaiko oyandikana nawo amatsitsira anthu, kudzera ku Rosebank ndi Sandton. Ndi yachangu ndiponso yaukhondo, koma tikiti yake ndi yokwera mtengo kwa mlonda, wantchito wam'nyumba kapena wosamalira maluwa, ndipo njanji yake sifika ku Soweto. Ambiri mwa antchito amenewa, kuphatikizapo ochokera ku Mzimba, Mangochi ndi Nkhata Bay, amadzuka kusanache kukaima pamzere wa mataxi, ndipo ndalama yaikulu ya malipiro awo imathera paulendo wopita ndi kubwera kuntchito.