Kuchokera ku Bandawe mpaka ku sikelo: mbiri ya zomwe zimalumalitsa mwana ali m'mimba

Kalekale m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Kande, Chintheche mpaka ku Usisya, mwana akabadwa ndi mlomo wong'ambika, mapazi okhota kapena mutu waukulu, funso loyamba linali lakuti: walakwa ndani? Ena ankaloza mfiti. Ena ankati bambo anayenda njira mkazi wake ali ndi pakati. Koma nthawi zambiri mlandu unkagwera mayi, kuti anadya zoletsedwa kapena anaseka munthu wolumala.

Chipatala cha chizungu chinafika m'derali mu 1881, pamene Dr Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kudzakhazikika ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche. Malungo anawavutitsa kwambiri amishoniwo, ndipo mu 1894 likulu lawo linakwera kumapiri a Khondowe. Ngakhale anabwera ndi mankhwala, pa nkhani ya ana obadwa olumala madokotala a nthawiyo nawonso anali mumdima. Kwa zaka zambiri ankakhulupirira kuti chiberekero chimatchinga chilichonse choipa kuti chisafike kwa mwana.

Maganizo amenewa anayamba kugwedezeka mu 1941. Dokotala wa maso wa ku Australia, Norman Gregg, anaona makanda ambiri akubadwa ndi ng'ala, ndipo atafufuza anapeza kuti amayi awo anadwala chikuku cha rubella mimba ili yaing'ono. Matendawa sakhalitsa mwa mayi, koma amatha kusiya mwana wosamva, wosaona kapena wa vuto la mtima. Kenako kunabwera tsoka la thalidomide, mankhwala omwe anayamba kugulitsidwa ku West Germany mu 1957, ndipo amayi oyembekezera ankamwa pofuna kuletsa nseru. Pomwe ankawachotsa pamsika mu 1961, ana opitirira 10,000 m'mayiko osiyanasiyana anali atabadwa ndi manja kapena miyendo yosakwanira. Pakati pa zaka zimenezi, mu 1959, akatswiri a ku France anapeza kuti ana a Down syndrome amakhala ndi kromozomu imodzi yowonjezera, chinthu chomwe chimachitika pomwe mimba ikungoyamba, ndipo chimachulukirapo mayi akamakula.

Kwa anthu a ku Nkhata Bay, gawo la mbiriyi lomwe lili pafupi kwambiri ndi la chinangwa. Chinangwa chowawa, monga cha Gomani, chili ndi poizoni wa sayanaidi. Akalowa m'thupi, poizoniyu amasanduka mankhwala olepheretsa thupi kugwiritsa ntchito bwino mchere wa ayodini. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 m'dziko lomwe pano ndi DR Congo, pachilumba cha Idjwi ndi m'chigawo cha Ubangi, anasonyeza kuti komwe ayodini ndi wochepa kale ndipo anthu akudya chinangwa chosakonzedwa bwino, chithokomiro chimachuluka, ndipo ana ena amabadwa opinimbira, osamva komanso ochedwa kukula m'nzeru.

Kodi ndiye kuti kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa, ndi woopsa? Ayi. M'zaka za m'ma 1990, wofufuza wa kuno ku Malawi, Linley Chiwona-Karltun, ndi anzake anacheza ndi amayi olima chinangwa m'boma la Nkhata Bay. Amayiwo anafotokoza kuti amakonda chowawa chifukwa akuba ndi anyani sachiyandikira. Kafukufukuyo anapeza kuti luso lawo losenda chinangwa, kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, ndi kuchiyanika chisanasinjidwe, limachotsa poizoni wambiri. Ngozi imabwera m'chaka cha njala, pamene banja lavuula chinangwa msanga chifukwa ana akulira. Ndipo popeza usipa ndi nsomba zina za m'nyanja yathu zilibe ayodini wochuluka ngati za m'nyanja zamchere, lamulo la 1995 lokakamiza kuti mchere wogulitsidwa m'dziko muno ukhale wothira ayodini linali chitetezo chachikulu kwa ana osabadwa.

Zaka zomwezo kunatuluka nkhani ina yabwino. Mu 1991 kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi bungwe la Medical Research Council la ku Britain anatsimikiza kuti folic acid amateteza ana ambiri kuti asabadwe ndi msana wotseguka. Vitamini ameneyu ali m'mapiritsi owonjezera magazi omwe amaperekedwa ku sikelo. Mu 1993 Malawi anayamba kupereka Fansidar kwa amayi oyembekezera pofuna kuchepetsa malungo, omwe amabweretsa ana onyentchera ndi obadwa masiku asanakwane. Mu 2017 katemera wa rubella anaphatikizidwa ndi wa chikuku. Kwa ana obadwa kale ndi mapazi okhota, chipatala cha Beit CURE chomwe chinatsegulidwa ku Blantyre mu 2002 chinathandiza kufalitsa njira ya Ponseti, yowongola mapazi ndi pulasitala mwana akadali wakhanda.

Vuto lomwe latsala ndi nthawi. Msana ndi ubongo wa mwana zimatsekeka m'masiku 28 oyambirira, mayi mwina asanadziwe n'komwe kuti waima. Koma mwambo wobisa mimba yaing'ono poopa afiti umachititsa amayi ambiri kuyamba sikelo mimba itaonekera. Apo n'kuti kachasu, chindoko chosachiritsidwa, shuga wokwera kapena mankhwala ogula pa golosale popanda uphungu zitawononga kale.

Bungwe la WHO likuti makanda pafupifupi 240,000 padziko lonse amamwalira chaka chilichonse asanakwanitse masiku 28 chifukwa cha zilema zobadwa nazo. Si zonse zomwe zingapewedwe, ndipo kholo lisadziimbe mlandu pa mwana wobadwa choncho. Koma banja lomwe likufuna mwana lipite ku chipatala cha Chintheche kapena china chapafupi mimba isanayambe, onse awiri akayezetse magazi, mayi ayambiretu folic acid ndi kusiya mowa, ndipo pakhomo pazikhala mchere wa ayodini.