Ndalama yosowa m'chikhato

Ukagula kamasewera kosowetsa ndalama yachitsulo, usathamangire kukakaonetsa pamsika ku Manje usanakonzeke kuulula pomwe K10 yabisala. Kwathu kuno ndalama ikasowa m'manja timati ndi chitaka, ndipo wina amalozedwa chala.

Ku England nako kudali choncho. M'chaka cha 1584, Reginald Scot adatulutsa buku lotchedwa The Discoverie of Witchcraft, momwe adafotokoza kuti ndalama imatsala m'chikhato pamene dzanja linalo likunamizira kuitenga. Ochita masewerawa adawaululira chinsinsi, inde, koma iye ankafuna kupulumutsa amayi okalamba ndi osauka omwe ankanyongedwa powaganizira ufiti.

Kuno lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Agogo akuphedwabe.